Lenzi Yoonera Apongozi

Benedicto ankawadziwa apongozi ake kuyambira m'mawondo kutsika pansi. Zidendene zawo zong'aluka ndi chisanu cha ku Bembeke ankazidziwa, chala chawo chachikulu chopindikira kunja ankachidziwa, mayendedwe awo ankawazindikira ali m'nyumba. Koma nkhope, ayi ndithu. Chichokereni kwawo ku Lobi kudzakhala pachikamwini, mpaka mwana wake Patience kufika ku sekondale, munthuyu anali asanawayang'anepo aNangozo kumaso.

Musaseke, ndi mwambo. Mkamwini ndi apongozi aakazi amathawana. Akakumana panjira, aNangozo ankapatukira m'chimanga, Benedicto n'kuvula chipewa, maso pansi, moni n'kumaperekera kumbali. Pakakhala nkhani yoti akambirane, wina ankakhala kuseri kwa nkhokwe, wina kuno, mawu okha n'kumadutsa. Anzake ambiri zimenezi anazitaya kalekale, ena mpaka amakwezana ndi apongozi awo pa njinga yamoto atagwirana m'chiuno, zamanyazi! Koma aNangozo anagwiritsitsa zakale, ndipo Benedicto sankadandaula. Ankawakonda mayiwo. Chaka chimene mbatata yake inapsa ndi chiwawu, ndi iwo amene anamusiyira dengu la mbewu pakhomo, osanena kanthu.

Mkazi wake Elena anali ku Joni, kumene ankagwira ntchito ya m'nyumba. Mapepala ake anali atatha kalekale, moti kubwera kumudzi kukanakhala kubwereratu. Tsono chaka chimenecho aNangozo anayamba kutupa miyendo, mpweya n'kumawathera akangoyenda pang'ono. Kuchipatala anawapatsa mapilitsi n'kunena kuti, "Kawasamaleni kunyumba." Munthu wamkulu aliyense amadziwa tanthauzo la mawu amenewo.

"Bambo a Patience," anatero Elena pafoni, "ine nkhope ya amayi yayamba kundithawa. Ndikatsinzina ndikungoona duku."

"Si Patience anakutumizirani zithunzi?"

"Zithunzi zake ziti? Zija aphimba pakamwa ndi chitenje, maso ali pansi ngati akulapa kwa ansembe? Amenewo si amayi anga. Amayi anga amaseka mpaka kugwira nthiti. Ndijambulireni amenewo, chonde, nthawi isanathe."

Elena sankanama. ANangozo akangoona foni yawaloza ankauma gwa, dzanja n'kuthamangira pakamwa. Mwana wawo akaimba ya vidiyo, iwo ankaiika foniyo kukhutu monga mwa masiku onse, moti ku Joniko kunkangofika khutu ndi mdima.

Ndiye Elena anatumiza kamera, yakale koma yeniyeni, imene abwana ake anamupatsa. Inabwera pa thiraki itapanikizidwa ndi katundu wa anthu, ndipo pofika, lenzi yake, diso lija la kutsogolo, inali itasweka. Benedicto anakumba mbatata ya kudimba, kugulitsa pamsewu, n'kukwera minibasi ya ku boma. Zimene anapeza zinali zokwana lenzi imodzi basi, yakaunjika.

Anthu anamulozera kwa Jacqueline, mayi wojambula maukwati amene anali ndi situdiyo pafupi ndi msika, wolongolola ngati wailesi. Mayiyu anayala nsalu patebulo n'kundandalika malenzi atatu: yaifupi, yapakatikati, ndi ina yaitali ngati mkono.

"Tiyambe ndi iyi," anatero akumangirira yaifupi ija. "Suzumirani, achimwene."

Benedicto anasuzumira ataloza kukhomo. Msewu wonse unalowamo: maminibasi, amayi a kabichi, mitengo ya magetsi, thambo ndi mitambo yake.

"Imeneyo ndi ya banja lonse," anatero Jacqueline. "Anthu a kuno mukuwadziwa, amafuna nsapato zioneke, malata a nyumba aoneke, ngakhale mbuzi ilowemo. Ukangowadula miyendo chithunzi sakutenga. Ndi yabwinonso kumapiri, imameza dziko lonse. Koma nkhope imachepa ngati nyemba."

"Ine ndikufuna nkhope."

"Bwanji osanena? Nayi mfumu ya nkhope." Anamangirira yapakatikati. "Iyi imatenga munthu yekha, za kumbuyo zonse zimasungunuka. Ngakhale kamdima kagwe imaonabe. Chofunika ndi chimodzi, muime pafupi, poti mukhoza kuwapatsa moni wa pamanja."

Benedicto anaibweza patebulo mofatsa. "Pamenepo ndiye sindingafikepo."

"Bwanji, amaluma?"

"Ndi apongozi."

Jacqueline anaseka mpaka kumenya tebulo. "Mayo ine! Zilipobe zimenezi? Ine wanga mkamwini amanditsegulira yekha fanta!" Koma ataona nkhope ya munthuyo, kuseka kunazima. Benedicto anamufotokozera zonse, za miyendo yotupa, za Elena, za chitenje cha pakamwa. Mayiyo anayang'ananso malenzi atatu aja.

"Amaseka liti?" anafunsa potsiriza.

Limeneli ndiye silinali funso lovuta. Kuseka kwa aNangozo Benedicto ankakudziwa ndi makutu. "Ku ntchemberembaye. Mwana wanga ndi wogoletsa wa timu ya sukulu. Akangoponya mpira n'kulowa, agogo ake amaiwala kuti kuli anthu."

"Basi, yanu ndi iyi." Jacqueline ananyamula yaitali ija ndi manja awiri. "Ndi ya mpira, ya mbalame, ya zinthu zimene zimathawa ukaziyandikira. Tulukani nayo pakhonde, mutsamiritse pachipilala, muloze kuphiri."

Phiri la Dedza Benedicto analiona moyo wake wonse, chimthunzi chobiriwira chimene munthu amangochiyang'ana pofuna kudziwa ngati kugwe mvula. Atangoika diso pakamera, phirilo linamudumphira kumaso. Anadzambatuka, chipewa n'kugwa pansi. Anasuzumiranso, pang'onopang'ono. Anaona thanthwe lili ndi ndere zotuwa, anaona mng'alu wake, ndi kamtengo kamene kanamera mumng'alumo kakugwedezeka ndi mphepo imene iye sankaimva. Mayi wina ankatsika pakati pa mapaini atasenza nkhuni. Anaima, kukonza nkhata yake, n'kupitiriza ulendo, osadziwa kuti kumsika kuli munthu akumuona. Pamwamba pake kabawi anali atangoyandama, mapiko ali tambalale, nthenga za kunsonga zikunthunthumira imodziimodzi.

"Yesu, Mariya," ananong'ona. "Kani zonsezi zimakhala zilipo?"

"Zimakhala zilipo," anayankha Jacqueline. "Koma mverani. Lenzi imeneyi imamva ngakhale kugunda kwa mtima wanu. Muziitsamiritsa penapake, mugwire mpweya, kenaka mudine. Dzuwa likhale kumsana kwanu, chifukwa mdima imadana nawo. Musapupulume, kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndipo dziwiranitu, mukatenga iyi, chithunzi cha banja lonse pakhonde muiwale. Mudzachita kukaimira kumunda kwa aneba."

Benedicto anayang'ana yaifupi ija kanthawi. Anali atalota kale chithunzi cha tsiku limene Elena adzabwere, onse atandanda kutsogolo kwa nyumba, nsapato zikuoneka. Kenaka analoza yaitali.

M'minibasi anaifungatira ngati khanda, koma mtima sunakhale m'malo. Kodi kuyang'ana apongozi uli kutali si kuyang'ana komwe? Anadziuza kuti makolo ananena za maso, za galasi sananenepo. Anadziuzanso kachiwiri potsika pa Bembeke, ndipo kachiwiriko ankadziwa kuti akudzinamiza.

Loweruka lotsatira kunabwera atsikana a ku Linthipe, ataliatali, odya bwino, kudzasewera ndi timu ya Patience. Kunacha ndi nkhungu, ija ya mwezi wa Julaye imene imalowa mpaka m'mafupa. Aliyense pakhomo anawaletsa aNangozo, koma ndani? "Ndikafere komweko," anatero, ndipo mnansi wina anamanga ng'ombe pangolo. Kubwaloko anawakhazika pampando atawafunditsa bulangeti, amayi anzawo a mphakati wa kutchalitchi atawazungulira.

Benedicto anazungulira kutsidya, kumene kunali mabulugama. Anaimika njinga yake, kugwada bondo limodzi, n'kutsamiritsa lenzi pachishalo. Anyamata anamuseka kuti wabwera kudzasaka agwape.

Mpira unayamba. Posakhalitsa Patience analandira mpira pansi pa golo, n'kuukweza m'mwamba. Benedicto anatembenuza lenzi. Anayambira pamene ankadziwa, pamapazi, otupa tsopano, atatulukira m'mphepete mwa patapata. Anakwera pabulangeti. Anafika pamanja, manja owonda atakulunga kolona. Anafika pamapewa. Pamenepo khosi linakana, zikope zinatsekeka zokha, monga zinazolowera zaka zonsezi. Anamva bwalo likuphulika, anamva kuseka kuja kukukwera pamwamba pa phokoso lonse, ndipo anadina ali chitsinzinire. Atayang'ana pagalasi la kumbuyo kwa kamera anapeza gudumu la ngolo ndi mchira wa ng'ombe.

"Chitsiru cha munthu," anadzitukwana. "Mbatata yonse ija, mchira?"

Zitatero zinthu zinaipa. Atsikana a ku Linthipe anamutsekera Patience, awiri kutsogolo kwake ngati mpanda, ndipo zigoli zinayamba kugwera mbali imodzi. Nkhungu inakhuthala, m'kameramo munada. Kutsidya kuja aNangozo anagwidwa ndi chifuwa, chachitali, chosatha msanga, amayi aja n'kumawasisita kumsana. Benedicto anaona mwini ngolo akukokera ng'ombe zake pafupi. Mtima unamuwawa zedi, pakuti ankadziwa kuti akakwera ngoloyo, kubwalo kuno sadzabweranso. Koma dzanja lowonda lija linatuluka m'bulangeti n'kukaniza: adikire.

Chakumapeto kwa mpira mphepo inatembenuka. Nkhungu inang'ambika cha kumadzulo, kumsana kwa Benedicto, ndipo dzuwa linakhuthukira pabwalo lonse. Udzu wonyowa unang'anima, mapiri a kutali anatulukira limodzi ndi mizere ya mbatata m'mbali mwake, anthu mpaka anati, "Aaa!" Nthawi yomweyo Patience, atatopa ndi kutsekeredwa, anabwerera m'mbuyo mpaka pamzere, pamene munthu wanzeru saponyerapo, n'kulandira mpira.

Benedicto sanayang'ane mwana wake. Sanayambirenso kumapazi. Analoza pamwamba pa bulangeti, kugwira mpweya, n'kutsegula diso mwadala, ngati munthu amene akudumphira m'madzi ozizira.

Nkhope inadzaza kamera yonse.

Inali yaing'ono kuposa mmene ankaganizira. Mayi amene mawu awo ankamuimitsa chilili kuseri kwa nkhokwe anali ndi kankhope kochepa, kowala ndi dzuwa, makwinya atayala kuchokera m'maso mpaka m'makutu. Pamasaya panali mphini zitatuzitatu za pautsikana, zofufuma pang'ono. Maso anali atakwezedwa kutsatira mpira m'mwamba, milomo ikuyenda, kaya ndi pemphero kaya ndi kutukwana a ku Linthipe. Ndipo chipumi chinali cha Elena. Mphuno inali ya Patience. Kakhwinya kamene mkazi wake amachita pakati pa nsidze akamadikira yankho kanali pomwepo, kwa mwini wake. Benedicto anachita mantha ndi chimwemwe nthawi imodzi. Anthu onse amene ankawakonda pa dziko lino anawapeza atakhala pankhope imodzi, ndipo nkhopeyo inakhala moyandikana naye zaka zonsezi, kuseri kwa nkhokwe chabe.

Mpira unalowa.

Nkhope ija inatseguka yonse. Maso anamira m'makwinya, mutu unagwera m'mbuyo, duku linasendemuka, pakamwa panayasamuka mpaka kuonetsa mpata wa pakati pa mano ndi nkhama zomwe. Manja onse anali m'mwamba, kolona ikulendewera, palibe lotsala loti liphimbe pakamwa. Benedicto anadina, kudinanso, kudinanso, chala chikugwira ntchito chokha.

Kenaka kuseka kunatsika, mutu unaweramuka, ndipo maso aja anayenda pang'onopang'ono kudutsa bwalo mpaka anaima pa iye. Anamuyang'ana ndithu, m'kati mwenimweni mwa lenzi. Benedicto anagwetsa maso mochedwa.

Amene anapambana mpirawo musandifunse, ngakhale Benedicto sakudziwa. Wezulo itangolira, Patience anabwera akuthamanga, thukuta lili kamukamu.

"Ababa, agogo akuti mubweretse chimene munawaloza nacho."

Anayenda ngati wopita kumlandu. Atatsala pang'ono kufika anaika kamera paudzu, kubwerera m'mbuyo, n'kunjuta chammbali, chipewa chili m'manja. Patience anaitola n'kukaipereka.

"Patience," anatero aNangozo, mawu akutuluka modukaduka, "wafunse bambo ako, mfuti imeneyi yapha chiyani?"

"Uwauze agogo kuti ndalakwa," anayankha Benedicto akuyang'ana udzu. "Anapempha ndi mayi ako, akuti nkhope ikuwathawa. Koma akalamula, ndifufuta pompano."

Ankanena zoona, ndipo zinkamupweteka. Akanafufuta, n'kukamuuza Elena kuti zakanika.

Patience anayatsa galasi la kumbuyo. Panapita nthawi, Benedicto akungomva kupuma kolemera kwa apongozi ake.

"Ameneyu ndi ine?"

"Ndi inu, agogo."

"Iii! Koma ndiye ndakalamba mokongola, anthuni."

Amayi aja anaphulika nako kuseka, akulimbirana kuti aone. Koma za kufufuta kapena kusafufuta aNangozo sananenepo. M'malo mwake anafunsa, "Amasuzumira pati?" Patience anawaonetsa.

"Wauze bambo ako abwerere pamene anagwada paja."

Benedicto sanamvetse, koma mkamwini safunsa. Anadutsa bwalo n'kukaima pafupi ndi njinga yake, mutu uli pansi. Anthu amene anayamba kubalalika anaima, akuyang'ana uku ndi uku. Chapansipansi anaona Patience atagwada kutsogolo kwa mpando, lenzi yaitali ija itagona paphewa pake, ndi duku litaweramira kumbuyo kwa kamera.

"Bambo a Patience!"

Mawuwo sanadzere mwa mwana, sanadzere kuseri kwa nkhokwe. Anabwera okha, molunjika, kwa nthawi yoyamba chikwatirireni.

"Dzutsani mutu."

Anadzutsa. Kuchokera pamene anaimapo sankaona nkhope, ankangoona kamunthu kofunda bulangeti ndi diso lakuda la lenzi litamuloza. Koma ankadziwa bwino zimene diso limenelo limachita. Ankadziwa kuti tsopano wadzaza kamera yonse, palibe chobisika. Bwalo linakhala zii, ngakhale anyamata onyoza aja anatseka pakamwa.

"Kani ndinu otere," anatero aNangozo. Anapuma, kusonkhanitsa mpweya. "Imvi zonsezo mwamerera pakhomo panga, ine osadziwa? Munabwera muli mnyamata, mwana wa eni. Mwandisunga."

ANangozo anapumanso, n'kupitiriza.

"Chithunzicho mutumize kwa Elena lero lomwe, mumuuze kuti ndi ine ameneyo. Koma imani kaye choncho. Sindinathe kukuonani."

Anaima, chipewa atachigwira pachifuwa, mphepo ya ku Bembeke ikumuomba. Misozi inatsika mpaka m'ndevu. Sanaipukute, kuopa kuti dzanja lingabise nkhope.